Mpata wa pa Msewu wa Nansengwe

Khalani bwino mumve, chifukwa ena mwa inu msewu umenewu mumaudutsa tsiku ndi tsiku, ndipo mawa mudzaudutsa mukucheukacheuka.

Mumzinda muja munali mayi wina, Esinati Gondoloza, injiniya wa zamisewu. Fosholo sankagwira, fungo la phula sankalidziwa. Iye ankamanga mzinda wonse m'kompyuta: misewu, milatho, maloboti, masiteji a minibasi, chilichonse pamalo pake. Akatero ankathiramo timadontho toyenda, kadontho kalikonse kuimira galimoto imodzi. Akafuna kudziwa zomwe zingachitike atatseka msewu wakuti, kapena atalengeza pa wailesi kuti lero madalaivala adzere kwakuti, ankayamba wayesa pa timadontho tija. Tikapanikizana, ankadziwiratu kuti anthu enieni akafika kunyumba ana atagona.

Mzinda wa m'kompyuta umanena zoona ukaudyetsa zoona. Ndiye kampani yawo inalemba anthu oti aziima m'misewu n'kumawerenga galimoto zodutsa. Pa mlatho wa Nansengwe, potulukira m'tauni, anaikapo a Jelasi Mwamadi, bambo wa ndevu zaimvi amene kale anali dalaivala wa minibasi. Pamtengo wa magetsi pafupi nawo anamangirirapo kamera.

Patatha milungu itatu, misewu yonse inagwirizana. Zomwe timadontho tinkachita ndi zomwe galimoto zenizeni zinkachita zinali chimodzimodzi. Wa Nansengwe wokha unakana. M'kompyuta galimoto zinkadutsa pamenepo mwamyaa, pakuti manambala a a Jelasi anali ochepa, osafika ndi theka lomwe la zimene msewuwo ungasenze. Koma pamsewu penipeni, kuyambira hafu folo madzulo mpaka dzuwa kulowa, mzere wa galimoto unkayambira pamlatho kukafika pamsika wa m'tauni. Tsiku lililonse.

Esinati anaganiza kuti bambowo amawodzera pantchito. Lachiwiri lina anavala nsapato zafulati, n'kupita kukadzionera yekha.

Anawapeza atakhala pa chitini cha penti, kope lili pabondo, maso ali gwa!

"Mwaswera bwanji, Bambo Jelasi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, Madamu? Mwabwera kudzandigwira tulo?"

"Ndabwera kudzaona chimene chimatseka msewu."

A Jelasi anayang'ana wotchi yawo. "Mwatsala ndi mphindi khumi. Imani kuno kuseri kwa ngalande. Musaime paphula."

Kunali kwa Okutobala, phula likuchita kunyezimira ndi kutentha. Choyamba chimene Esinati anaona chinali masamba. Nthambi ziwiri za mango zinali m'mbali mwa msewu, ina uku ina uko, mmene anthu amaikira pakakhala maliro. Sanaone amene anaziika, ndipo pofika paja panalibe. Anawerama n'kugwira tsamba limodzi. Linali lonyowa, lozizira ngati lothyoledwa m'mamawa.

"Maliro ali nyumba iti?" anafunsa.

"Palibe nyumba kuno, Madamu. Uku ndi nkhokwe ya simenti, uku ndi tchire."

Kenako phokoso linayamba kuchepa. Minibasi yomwe inkabwera nyimbo zili m'mwamba, dalaivala anatambasula dzanja n'kutsitsa wailesi. Kondakitala amene ankakuwa pazenera anabweza mutu. Galimoto yotsogola inafika pamlatho, inachepetsa liwiro, n'kusiya mpata kutsogolo kwake. Unali mpata wautali, wokwana lole ndi kutsalako malo ambiri. Munalibe kanthu. Esinati ankaona phula, ankaona mzere woyera, ankaona chipepala cha shuga chitamatirira pansi. Koma mpatawo unkayenda. Unkayenda pang'onopang'ono, mayendedwe a munthu wosenza katundu, ndipo galimoto zonse zinkautsatira pambuyo popanda woimba hutala.

Wakabaza wina anafika pomwe panali Esinati, anatsika njinga, n'kuvula chipewa.

"Achimwene, mwatsikiranji?" Esinati anamufunsa.

Munthuyo anayang'ana mapazi ake, anayang'ana chipewa m'manja mwake. "Ndatsika kodi?" anatero. Sanadikire yankho. Anapitiriza kukankha njinga, mutu uli pansi.

Mpata uja unayenda mpaka pamtengo wa m'bawa, mtunda woti munthu akhoza kukuwa wina n'kumva. Pamenepo unaima. Galimoto zochokera kutsogolo, zolowera m'tauni, zinkangodutsa liwiro lake lomwelo, ina pambuyo pa inzake. Mpatawo unaima, unaima, mpaka dzuwa linakhudza denga la nkhokwe ya simenti. Ndiyeno dalaivala wotsogola anadzidzimuka ngati wadzutsidwa, anaponda moto, msewu n'kutseguka. Esinati atacheuka, nthambi za mango zija panalibe.

Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, siketi yabwinobwino pafumbi.

"Bwanji simunalembe zimenezi m'kope?"

"Munandiuza kuti ndiziwerenga galimoto. Ija ndi galimoto?"

"Nanga ndi chiyani?"

A Jelasi anatseka kope. "Aliyense ali ndi yake. Ena amati ndi lole ya anamfedwa imene inakokoloka pamlatho wakale. Ena amati manda anali kutsidyako, msewu usanakulitsidwe, ndiye pali wina amene sanafike. Ine sindinaone ndi chimodzi chomwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku lina ndili pa chiwongolero, mtima unandipsa. Ndinati anthu awa akuyendera chiyani chonchi, msewu uli pululu? Ndinawapitirira, n'kulowa mumpatamo."

"Ndiye?"

"Minibasi inalemera, Madamu. Inakhala pansi ngati ndanyamula matumba a mchenga. Okwera ndinali nawo khumi ndi anayi. Koma opuma m'galimoto muja anali ambiri. Wina ankapumira pakhosi panga apa." Anagwira kumbuyo kwa khosi. "Ndinatsika, makiyi ndinasiya momwemo. Chaka chino n'chachisanu ndi chinayi, chiwongolero sindinachigwirenso."

M'mawa mwake Esinati anachita chinthu chimene sanaphunzire kusukulu iliyonse. Anaika kadontho kamodzi pamlatho wa Nansengwe, kotalika ngati lole, n'kukauza kuti kaziyamba hafu folo, kaziyenda ngati munthu wapansi, kakaime pa m'bawa. Atayendetsa mzinda wake, mzere wa timadontho unayambira pamlatho kukafika pamsika, ndendende mmene zinkachitikira. Ngakhale mphindi zake zinagwirizana.

Anatsegula zimene kamera inajambula, n'kuvala zomvera m'makutu. Pachithunzi panali mpata chabe. Koma pansi pa kulira kwa mainjini pankamveka kanthu kena, kotsika, kokoka, ngati amayi ambiri akuimba milomo ili chitsekere. Mawu ake sankamveka. Pansi pa nyimboyo pankamveka mapazi.

Anavula zomverazo. Pa tebulo lake, pambali pa kapu ya tiyi, panali tsamba la mango, lonyowa. Ofesi yawo inali pamwamba, nsanjika yachitatu, mazenera otseka.

Anaopa, inde. Koma Esinati anali munthu woti mantha akamugwira amasanduka ukali. Anatola tsambalo, analiyang'ana, n'kulankhula mokweza m'chipinda mopanda munthu.

"Ngati muli ndi mawu, nenani. Zondiopseza pantchito panga ayi."

Anaponya tsambalo m'bini, n'kupita kwa abwana.

Abwana awo anali a Mankhwazi, munthu wa tayi ngakhale kutenthe bwanji. Anali atalonjeza kale akuluakulu amene anawapatsa ntchitoyo kuti Lachisanu adzayesa njira yatsopano: 4 koloko ikadzakwana, wailesi ndi mauthenga a pafoni zidzauza madalaivala otuluka m'tauni kuti adzere ku Nansengwe, poti manambala akuonetsa kuti kumeneko kuli malo.

"Bwana, uthenga umenewo usapite," anatero Esinati. "Tikathira galimoto zina pamenepo, tauni yonse idzatsekeka mpaka ku chipatala. Bwerani muone."

A Mankhwazi anabwera, anaona timadontho titaundana mpaka m'misewu ing'onoing'ono, n'kuloza ndi cholembera. "Aka kakakulu aka n'chiyani?"

Esinati anawafotokozera zonse, osabisa, osakometsera.

A Mankhwazi anaseka mpaka anavula magalasi. "Mayi Gondoloza, madigiri awiri, ndiye mukundiikira mizimu m'kompyuta? Ndikauze anthu aja kuti msewu watsekedwa ndi malemu?"

"Auzeni kuti pali chinthu choyenda pang'onopang'ono chimene sitinachidziwe. Dzina lake mupereke nokha. Koma chilipo, ndipo madalaivala a kumeneko amachidziwa. Amene mukufuna kutumizako ndi alendo. Adzalowa mumpatamo."

"Sunthani."

A Mankhwazi anakhala pampando wa Esinati, anafufuta kadontho kaja ndi dzanja lawo, n'kuyendetsanso mzinda. Wotchi ya m'kompyuta inathamanga: 3 koloko, 4 koloko. Timadontho tinkadutsa pa Nansengwe bwinobwino, ndipo a Mankhwazi anayamba kuimirira akukonza tayi. Wotchi inafika hafu folo. Pamlatho panatulukira kadontho kotalika. Pambuyo pake panali tina ting'onoting'ono, tambiri, tondondozana tiwiritiwiri, timene Esinati sanatiikepo. Tinayenda mpaka pa m'bawa. Pamenepo kadontho kakakulu kanapotoloka pang'ono, mutu kuloza kumanja, kumene mapu sankaonetsa msewu uliwonse. Kanaima choncho, timadontho tolowera m'tauni tikudutsa kutsogolo kwake osalekeza.

A Mankhwazi anakhalanso pansi.

"Mwaikamo chinyengo," anatero a Mankhwazi, mawu atauma.

"Mwafufuta nokha, Bwana." Esinati sanachotse maso pa kompyuta. Anali ataona chimene sanachione ali pamsewu. "Akufuna kukhota. Masiku onsewa amaima paja kudikira kuti wina awapatse njira."

"Lipoti lovomereza njira yatsopano ija mulisayine lero," anatero a Mankhwazi. "Lopanda kadonthoko."

"Sindisayina."

"Mukudziwa kuti kunja kuno kuli mainjiniya angati opanda ntchito?"

"Ndikudziwa. Itanani mmodzi asayine. Dzina la bambo anga silikhala pansi pa bodza."

A Mankhwazi anasayina okha.

Lachisanu linafika. 4 koloko itakwana, mafoni analira m'matumba mwa anthu tauni yonse, ndipo wailesi inalengeza mokoma kuti opita kummwera adzere ku Nansengwe, njira ili pululu. Esinati anamva uthengawo ali kale pamlatho. Anali atavala chovala chonyezimira cha ogwira ntchito pamsewu, pamwamba pa siketi atamanga chitenje, monga achitira munthu wopita pamaliro. M'manja ananyamula makoni anayi, tizipewa tofiira tija totsekera msewu. Kutsidya, pamthunzi wa nkhokwe ya simenti, a Mankhwazi anali ataima ndi awiri mwa akuluakulu aja, kudikira kuti aone nzeru zawo zikugwira ntchito.

"Madamu, akuchotsani ntchito," anatero a Jelasi.

"Andichotse. Inu muime kumbuyo kwa mpata. Aliyense wofuna kupitirira, mumuletse. Mungathe?"

A Jelasi anaika kope lawo pa chitini. "Bola ndisalowemo."

"Simulowamo. Kutsogolo ndipita ndine."

Galimoto zinabwera zambiri kuposa tsiku lina lililonse, zonyezimira, za anthu a m'maofesi amene msewuwo sankaudziwa. Nthambi za mango zinali kale m'malo mwake. Hafu folo, minibasi yotsogola inachepetsa liwiro, mpata n'kutseguka. Koma lero bata panalibe. Mahutala analira kuyambira pamlatho mpaka kosaoneka. Pikapu ina yoyera inatuluka mumzere, mwini wake akutukwana pazenera, n'kulunjika mumpatamo. A Jelasi anathamanga ndi miyendo yawo yokalamba, anaima kutsogolo kwake, manja onse m'mwamba.

"Ndigundeni ine, Achimwene! Ndigundeni, koma umo simulowa!"

Pikapu inaima bampala itakhudza mawondo awo.

Esinati anali atafika pa m'bawa. Kumanja kwa msewu, kutsidya kwa ngalande, anaona chimene munthu wodutsa pagalimoto sangaone: miyala iwiri yafulati yoyalidwa pangalande, ndi kanjira kofufutika kolowa m'tchire. Anadikira kuti lole ya njerwa idutse, n'kulowa pakati pa msewu. Anaika makoni ake anayi, anaimika dzanja.

Basi yaikulu yolowera m'tauni inalira mabuleki, inatsetsereka, n'kuima mphepo yake ikumuwomba kumaso. Dalaivala anatulutsa mutu.

"Mayi inu, mwapenga? Mukufuna kufa?"

"Zimitsani injini!" Esinati anakuwa. "Kukudutsa maliro!"

Dalaivala anayang'ana msewu wopanda kanthu, anatsegula pakamwa kuti atukwane. Kenako anatseka. Anazimitsa injini, n'kuvula kapusi.

Bata linayenda ngati madzi, galimoto ndi galimoto, mpaka hutala womaliza anasiya kutali uko. Esinati anatembenuka, n'kuyang'anizana ndi mpata uja. Unali utaima pafupi, mapazi khumi okha. Kuchokera mmenemo munkabwera kuzizira, ndi fungo la dothi lokumbidwa kumene.

"Njira ndi iyi," anatero mokweza. "Dutsani."

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako chipepala chomwe chinali paphula chinaphwatalala chokha, ngati chapondedwa. Mwala wa pangalande unalira, gu! Udzu wa pakanjira unagona, osadzukanso. Nyimbo ija inamveka tsopano ndi makutu, yotsika, yokoka, ikumudutsa kumanzere ndi kumanja. Nsalu zonyowa zinkamukhudza m'mikono. Esinati anayang'ana pansi, pa nsapato zake, dzanja lili chiimikire. Sanafune kuona, ndipo sanaone, kupatula mithunzi ya miyendo paphula, yambiri, yopita mbali imene dzuwa silikanaiponya.

Apo ndi pamene a Mankhwazi anadumpha ngalande, tayi ili paphewa.

"Mayi Gondoloza! Chotsani zinthuzo! Ndani wakupatsani chilolezo chotseka..."

"Bwana, zungulirani! Musadutse apo!"

Sanamve. Anadula msewu molunjika, n'kulowa pakati penipeni. Anayenda mapazi atatu. Phazi lachinayi silinatheke. Anaima, mapewa atatsika ngati asenzetsedwa thumba, pakamwa pali yasa, maso akutsatira chinthu chimene chinkadutsa pafupi ndi nkhope yawo.

Esinati sanasunthe, pakuti akanatsitsa dzanja basi ikanayenda. Mapazi anapitirira, anapitirira, n'kuyamba kuchepa. Omaliza anali okoka, a munthu wotopa. Anafika pomwe iye anaima, n'kuleka. Mpweya wozizira unamufika pakhutu, ndipo mawu a mayi wachikulire, aulemu, achifundo, ananong'ona.

"Mwatithandiza, mwanawe. Tiyeni, mutiperekeze. Si patali."

Miyendo ya Esinati inafuna. Anaimva ikufuna, phazi lamanja litanyamuka kale lokha. Analibweza, n'kuliponda paphula mwamphamvu mpaka chidendene chinawawa.

"Ayi, Mayi. Ine ndakuwolotsani, ntchito yanga yathera pomwepa. Kwanu ndi uko, kwathu ndi kuno. Ndipo bambo awo muwasiye, si anu. Pitani bwino."

Kenako mapazi okoka aja anayambanso, mwala wa pangalande unalira kamodzi, udzu unagwedera, basi. Kutentha kwa Okutobala kunabwerera ngati wina watsegula chitseko cha uvuni. Dzuwa linali likadali m'mwamba, ndipo kutsogolo kwa minibasi yotsogola kunali msewu wamba.

A Mankhwazi anali atagwada paphula. Esinati anapita, anawagwira pamkono, n'kuwadzutsa. Malaya awo anali atanyowa mbali imodzi yokha.

"Wina wandipatsa moni," anatero, mawu ngati a mwana. "Wanditchula dzina la kumudzi. Dzina limene anandipatsa agogo ndili wakhanda. Ngakhale mkazi wanga salidziwa."

"Munayankha?"

A Mankhwazi anapukusa mutu.

"Mwachita bwino," anatero Esinati. Anatola makoni awiri, n'kuwaika m'manja mwawo. "Tengani awa, Bwana, muchoke pamsewu. Anthu akufuna kupita kwawo."